Amplifaya ya besi ikamatsika mawu kapena kuchita phokoso: mmene mungapezere pomwe pavuta

Besi ikumveka bwino, nyimbo ziwiri zitatu zadutsa, kenako mawu angotsika okha ngati wina wapotokola voliyumu. Mukamenya bokosi ndi chikhatho abwerera, pakapita mphindi zisanu athawanso. Kapena amplifaya ikungolira chamkati ngakhale simunakhudze nsambo. Ambiri akafika apa amathamangira kunena kuti yapsa, n'kuyamba kusintha ma transistor ndi ma IC mongoyerekeza. Kumeneko n'kutaya ndalama. Amplifaya yopsa sibwerera mukaimenya. Nthawi zambiri chomwe chavuta ndi malo amodzi pomwe zitsulo ziwiri zimayenera kugundana koma palowa fumbi, dzimbiri kapena mng'alu.

Mawu a besi ali ndi njira imodzi. Amachoka pa pickup (kachipangizo kotola mawu pansi pa nsambo), n'kudutsa m'ma pot (mabatani opotokola) a pa gitala, bowo la gitala, chingwe, bowo la INPUT, preamp pomwe pali gain ndi EQ, mabowo a SEND ndi RETURN, power amp (gawo lopatsa sipika mphamvu), chingwe cha sipika, kenako sipika. Ntchito yonse ndi kudula njira imeneyi pakati, n'kuona kuti vuto latsala mbali iti. Sinthani chinthu chimodzi, mvetserani, ndiyeno sinthani china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi, simudziwa chomwe chathandiza.

Musanagwire sikuludiraiva

Chotsani mapedulo onse, tuner ndi wireless yolumikizira besi popanda chingwe. Lumikizani besi molunjika ku amplifaya ndi chingwe china chomwe mukudziwa kuti n'chabwino. Onani ngati batani la MUTE silinadinizidwe, komanso ngati simunalowe pa bowo la ACTIVE kapena kuyatsa pad ya -10 dB kapena -15 dB pomwe besi yanu ndi ya passive, yopanda batire. Pamenepo mawu amatsika popanda chowonongeka chilichonse.

Chingwe chiyezeni ndi mita pa ohms. Nsonga ya mutu wa chingwe wa mbali ino ndi nsonga ya wa mbali inayo ziwerenge pafupi ndi 0, thupi ndi thupi chimodzimodzi, koma nsonga ndi thupi zisalumikizane konse. Poyezapo chipindeni pafupi ndi mitu yake, chifukwa ndi pomwe waya amadukira mkati chikopa chikuoneka chabwinobwino. Kenako lowetsani chingwecho pa besi ya passive, tsegulani voliyumu yonse, muyeze nsonga ndi thupi kumapeto kwinako. Besi ya mtundu wa Precision imawerenga pafupifupi 10k kapena 11k (1k ndi ma ohms 1,000), ya Jazz yotsegula ma pickup onse awiri imawerenga 3k mpaka 4k. Mukaona 0, pali shoti. Mukaona mazana a k kapena mita osawerenga kanthu, waya waduka, ndipo kawirikawiri amaduka pa bowo la gitala: nati ikamasuka, bowo limazungulira limodzi ndi chingwe mpaka kupotokola mawaya n'kuwathothola.

Ngati besi ndi ya active, muli batire la 9V. Likamatha, mawu amayamba kusasa makamaka mukamenya nsambo yaikulu, kenako amatsika. Batire latsopano limawerenga pafupifupi 9.5V, likafika cha m'ma 7V litayeni. Dziwaninso kuti chingwe chikakhala cholowetsedwa pa besi, batire limakhala likudyeka ngakhale simukuyimba, chifukwa mutu wa chingwe ndiwo umayatsa preamp ya m'gitala. Besi yosiyidwa ndi chingwe kuyambira Lamlungu lino mpaka linalo, mlungu ndi mlungu, imatha batire msanga.

Mabowo a SEND ndi RETURN

Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa pa amplifaya yotsika mawu yokha, pano ndi poyamba kukayikira. Kuseri kwa maamplifaya ambiri kuli mabowo awiri olembedwa SEND ndi RETURN, kapena PREAMP OUT ndi POWER AMP IN. Oyimba ambiri sawagwiritsa ntchito n'kamodzi komwe, ndiye amaganiza kuti alibe nawo kanthu. Koma mawu onse amadutsa pamenepo. Mkati mwa bowo la RETURN muli kachitsulo kopyapyala kotsamira pa kanzake. Popanda chingwe, tizitsulo tiwiriti timagundana ndipo mawu amawoloka kuchoka ku preamp kupita ku power amp. Mukalowetsa chingwe, timasiyana. Popeza sitikhudzidwa kwa zaka, fumbi la chilimwe ndi chinyezi cha dzinja zimapanga kachikanga pomwe timagundana. Zotsatira zake ndi mawu otsika, osasa, obwera n'kumapita, omwe amabwerera mwadzidzidzi mukamenya nsambo mwamphamvu kapena mukagogoda bokosi.

Kuyesa kwake n'kwa mphindi imodzi. Tengani chingwe chachifupi, mbali ina mulowetse pa SEND, ina pa RETURN, muyimbe. Mawu akabwerera n'kukhazikika, mwapeza. Zimitsani, zulani pulagi kukhoma, popani pang'ono mankhwala otsukira ma contact m'bowomo, monga DeoxIT D5 kapena contact cleaner wosasiya mafuta, kenako lowetsani ndi kutulutsa mutu wa chingwe kakhumi kapena kupitirira. Dikirani mphindi khumi kuti paume. WD-40 wamba musaike. Amasiya mafuta omwe amakoka fumbi lina. Ngati mankhwala mulibe, kachingwe kachifupiko kasiyeni pomwepo. Sikawononga kanthu, ndipo amplifaya ingathe kugwira ntchito choncho mpaka kalekale.

Mabowo omwewa ndi mpeni wodulira amplifaya pakati. Tsitsani voliyumu ya besi kapena ya foni mpaka pansi, lowetsani pa RETURN, kenako kwezani pang'onopang'ono. Kuyamba pansi n'kofunika chifukwa pa maamplifaya ena mawu amadutsa pa MASTER asanafike pa RETURN, moti MASTER silamulira chomwe mwalowetsa pamenepo. Besi ya passive imveka motsika, zimenezo si vuto. Chomwe mukumvera ndi chakuti mawuwo akukhazikika kapena ayi. Akakhazikika, power amp ndi sipika zili bwino, vuto lili ku preamp. Akamadukaduka, lili ku power amp, ku magetsi a mkati kapena ku sipika. Tsimikizani potenga SEND kupita ku mixer kapena ku amplifaya ina.

Pa tima combo tating'ono (amplifaya ndi sipika m'bokosi limodzi), bowo la mahedifoni lili ndi kachitsulo konga komweko, ndipo pa ambiri mawu opita ku sipika amadutsa pamenepo. Litsukeni mofanana. Bowo la INPUT nalo lili nako: ntchito yake ndi kutseka pakhomo mukachotsa chingwe, ndiye kakada, amplifaya imalira ngakhale palibe cholowetsedwa.

Phokoso lililonse limanena komwe lachokera

Chotsani chingwe pa INPUT. Phokoso likatha, likuchokera ku besi, ku chingwe kapena m'chipindamo. Likapitirira, tsitsani MASTER mpaka pansi. Likatha apa, lili ku preamp. Likakhalabe, lili ku power amp kapena ku magetsi a mkati.

Woyimba besi ali ndi mwayi womwe ena alibe, woti angathe kuyeza phokoso ndi gitala yake. Magetsi a ESCOM ndi 230V pa 50 Hz. Noti ya G ya pa fret yachitatu ya nsambo ya E ndi 49 Hz, ndipo nsambo ya G yosagwira ndi 98 Hz. Mvetserani kulirako, muyerekeze. Kukafanana ndi G wapansi uja, ndi 50 Hz: magetsi akulowa kuchokera kunja, kudzera mu pickup, chingwe chopanda shield yabwino, earth yosalumikizika, kapena thiransifoma yomwe ili pafupi. Kukafanana ndi G wapamwamba, ndi 100 Hz, ndipo apa kayikirani makapasita aakulu a mkati omwe amasalaza magetsi akachoka pa rectifier (gawo losandutsa magetsi a kukhoma kukhala DC, magetsi oyenda mbali imodzi). Akakalamba kapena mwendo wake ukamasuka, kulira kumeneku kumamveka ngakhale MASTER ili pansi, ndipo noti zapansi zimatuluka zofooka, zokhala ndi kanoti kena kachilendo kumbuyo.

Phokoso lokhala ngati la njuchi, lomwe limasintha mukatembenuka ndi gitala, ndi la m'chipinda: mababu a LED otchipa, machubu a fluorescent, ma dimmer, machaja a foni ndi a laputopu, inverter ya modified sine wave. Zimitsani chimodzichimodzi mpaka muchipeze. Besi ya Jazz ili ndi ma pickup awiri a single coil omwe amafafanizirana phokoso pokhapokha onse atsegulidwa mofanana. Mukatsitsa imodzi, kulira kumabwera, ndipo ndi mmene inapangidwira. Kaphokoso kodukizadukiza kobwera foni isanalire n'ka foni yomwe mwaika pamwamba pa amplifaya kapena m'thumba pafupi ndi pickup.

Kulira kobwera pokhapokha mwalumikiza DI OUT (bowo la XLR lotulutsira mawu) ku mixer ndi ground loop: amplifaya ndi mixer zili pa masoketi osiyana, ndipo earth yapeza njira ziwiri. Dinizani batani la GROUND LIFT lomwe lili pafupi ndi bowo la XLR, kapena tengani magetsi a zonse ziwiri pa soketi imodzi.

Phokoso la "sss" nthawi zambiri ndi kachunidwe. Gain yotsika kwambiri ndi MASTER yokwera kwambiri, treble yodzaza, tweeter yotsegula yonse. Kwezani gain mpaka kanyali ka CLIP kazingophethira mukamenya mwamphamvu, mubweze pang'ono, ndiyeno kukula kwa mawu muzikutenga pa MASTER. Kuthetheka kobwera popotokola batani ndi fumbi mu pot. Popani mankhwala aja pa kampata kali pafupi ndi miyendo yake, mupotokole uku ndi uku kangapo. Pot ikamathethekabe mutaitsuka ngakhalenso mutaika yatsopano, pali DC yomwe ikudutsa, ndipo wolakwa ndi kapasita yaing'ono yoyandikana nayo yomwe yayamba kudontha.

Za earth

Mukagwira nsambo phokoso n'kuchepa, zimenezo n'zachibadwa. Koma mukagwira nsambo n'kumva kunyerenyesa m'zala, kapena milomo ikamalumidwa mukayandikira maiki gitala ili m'manja, siyani kuyimba nthawi yomweyo. Nsambo zimalumikizana ndi thupi la amplifaya kudzera m'chingwe, ndiye earth ikasowa, inuyo ndinu njira ya magetsi. Leslie Harvey, woyimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa mu 1972 pa siteji ku Swansea atagwira maiki yopanda earth.

Choncho musadule kapena kumasula waya wa earth pa pulagi kuti phokoso lithe, ngakhale wina akuuzeni kuti amatero masiku onse. Batani la GROUND LIFT limadula earth ya mawu yokha pa XLR, silikhudza ya chitetezo. Amplifaya ili yozula, yezani pakati pa mwendo wautali wa pulagi ndi chitsulo cha thupi la amplifaya: pasapitirire 1 ohm. Tsegulani pulagi muone kuti waya wobiriwira ndi wachikasu wamangidwa bwino pa mwendo wautaliwo, wa bulauni ku fyuzi, wa buluu mbali inayo. Ekistenshoni zambiri zotchipa zili ndi mabowo atatu koma mawaya awiri okha mkati. Zida zogula ku South Africa zimabwera ndi pulagi ya miyendo yozungulira, ndipo ma adapta ena salumikiza earth. Ndi bwino kudula pulagiyo n'kuika ya 13A ya kuno. Chida chochokera ku America kapena ku Japan chiwerengeni kumbuyo musanachilowetse kukhoma, chifukwa kumeneko magetsi ndi 120V ndi 100V.

Mawu akamatsika amplifaya ikatentha

Ngati zonse zimayamba bwino koma pakatha mphindi makumi awiri kapena theka la ola mawu amatsika kapena kuduka, n'kubwerera ikapuma, amplifaya ikudziteteza ku kutentha. Ikani dzanja kumbuyo: fani ikuzungulira? Mipata yopumira yatsekeka ndi fumbi, kapena bokosi lagunda khoma? M'mwezi wa Okutobala, m'tchalitchi cha malata, amplifaya yomwe imapirira mu Juni imagonja.

Kenako werengani ma ohms. Makabineti (mabokosi a sipika) awiri a 8 ohms olumikizidwa pamodzi amapanga 4 ohms. Awiri a 4 ohms amapanga 2 ohms. Maamplifaya ambiri a ma transistor salola kutsika pansi pa 4, ndipo zalembedwa pafupi ndi bowo la sipika. Kuwonjezera sipika ya PA pa mwambo wa ukwati kuti besi imveke patali ndi njira yachidule yowotchera power amp. Pa mita, kabineti ya 8 ohms imawerenga pakati pa 5 ndi 7, ya 4 ohms pafupifupi 3. Onaninso chingwe: cha gitala sichiyenera kupita ku sipika ngakhale mitu ikufanana. Waya wake wapakati ndi wowonda kwambiri, amatentha n'kudya mphamvu, ndipo akasungunuka amachita shoti. Cha sipika chikhale cha mawaya awiri okhuthala, 1.5 mm² kapena kuposa.

Magetsi ofooka amachitanso zomwezi. Pa jenereta yaing'ono, kapena kumapeto kwa ekistenshoni yaitali yowonda yomwe yanyamulanso ma amp a PA ndi magetsi owunikira, besi ndiyo imayamba kusasa chifukwa noti zapansi zimakoka mphamvu zambiri. Yezani pa soketi yomwe amplifaya yalowa, gulu lonse likuyimba. Ikamagwa pansi pa 200V, vuto si la amplifaya. Jenereta iyambe yalira n'kukhazikika musanayatse zida, ndipo magetsi akathima zimitsani amplifaya, muyatse akabwera n'kukhazikika.

Sipika

Yesani amplifaya pa kabineti ina, kapena kabineti pa amplifaya ina. Ngati kusasa kukutsatira kabineti, zimitsani, chotsani sefa ya kutsogolo, ikani zala mozungulira pakati pa cone (chimbale chonjenjemera cha sipika), mukankhe pang'ono mofanana. Iyenera kulowa ndi kutuluka mwakachetechete. Ikamakhula ngati muli mchenga, voice coil (waya wokulungidwa kuseri kwa cone) inapsa kapena inapindika, ndipo mankhwala ake ndi recone (kuika cone ndi voice coil zatsopano) kapena sipika ina. Yang'anani m'mphepete ngati mwang'ambika, komanso timawaya tiwiri tolukana tochoka pa ma terminal kupita ku cone. Tikayamba kuduka, mawu amaduka pa noti zamphamvu zokha. Mangani masikuluwu onse, chifukwa zambiri zomveka ngati sipika yong'ambika zimakhala sefa kapena chogwirira chomasuka.

Makabineti awiri akamamveka mopepuka kuposa imodzi, mawaya a imodzi atembenuzidwa. Gundizani batire la 9V kamphindi chabe, + ku nsonga ya chingwe: ma cone onse atuluke kutsogolo. Yolowa mkati ndiyo yatembenuzidwa.

Kutsegula mkati

Apa pakufunika munthu wodziwa magetsi. Makapasita amasunga mphamvu ngakhale mwazula pulagi. M'maamplifaya opepuka a class D, kapasita ya mbali ya magetsi olowa imakhala ndi 325V kapena pafupi pamenepo, ndipo m'maamplifaya a mavalavu monga Ampeg SVT muli magetsi oposa 600V. Tsitsani mphamvuyo kudzera mu resistor, mwachitsanzo ya 22k 5W pa 325V, osati pogundiza sikuludiraiva, ndipo tsimikizani ndi mita kuti yatsika pansi pa 10V musanaike chala. SVT ndi anzake asiyireni mmisiri wozolowera mavalavu.

Yambani ndi maso ndi mphuno. Kapasita yotupa pamutu kapena yotuluka madzi, resistor yakuda, bolodi lofiirira chifukwa cha kutentha, ndowe za mphemvu, waya wodyedwa ndi khoswe. Tsukani ndi burashi youma. Kenako tembenuzani bolodi, muyang'ane ndi galasi lokulitsa pa miyendo ya mabowo, ya ma pot, ya makapasita aakulu ndi ya ma resistor aakulu oyera. Mukufuna kamng'alu kozungulira mwendo, kowonda ngati tsitsi. Mu combo, bolodi limakhala m'bokosi limodzi ndi sipika ndipo limanjenjemera pa noti iliyonse. Onjezani mabampu a pa msewu ili kumbuyo kwa lole. Malo otere atenthetseni ndi soldering iron ya pafupifupi 350°C, muwonjezere solder watsopano wokhala ndi flux mpaka aziwala. Ngati mng'alu sukuoneka, yatsani amplifaya nyimbo ikulira pa RETURN kapena pa INPUT, mugogode zipangizo pang'onopang'ono ndi kamtengo kouma, dzanja lina lili m'thumba. Pomwe mawu adumphe ndi pomwepo. Zulaninso ndi kubwezera ma connector a mawaya olumikiza mabolodi, mutawapopera mankhwala.

Preamp zambiri zimayendera +15V ndi -15V. Pa IC monga TL072, NE5532 kapena 4558, mwendo wa 8 ndi wa +, wa 4 ndi wa -, ndipo miyendo ya 1 ndi 7 iyenera kukhala pafupi ndi 0V. Mbali imodzi ikasowa kapena ikatsika, mawu amatsika n'kusasa. Tsatirani kubwerera ku regulator kapena ku zener ndi resistor yake, zomwe zimatentha kwambiri ndipo ndi pomwe solder amakonda kung'aluka. Mukapeza ma volts angapo pa mwendo wa 1 kapena 7 pomwe magetsi onse awiri alipo, IC imeneyo ndi yokayikitsa.

Pa amplifaya ya ma transistor, chotsani sipika, ikani mita pa DC pakati pa ma terminal awiri a sipika, popanda cholowetsedwa. Ma millivolts makumi angapo alibe vuto. Ikafika 1V kapena kuposa, musalumikizenso sipika. DC imawotcha voice coil. Ngati amplifaya imalira "tiki" masekondi angapo mutayatsa, ili ndi relay ya sipika, ndipo ma contact ake akada amachita ndendende ngati bowo la RETURN lija. Relay ndi yosintha, osati yopala. Kuyesa kopanda sipika kumeneku musakuchite pa amplifaya ya mavalavu a mphamvu, chifukwa kuiyendetsa popanda sipika kumawononga output transformer.

Maamplifaya ena, monga Hartke HA3500, ali ndi valavu imodzi ya 12AX7 mu preamp, yomwe imatchedwanso ECC83. Ikatopa imabweretsa kuthetheka, mluzu kapena mawu otsika. Igogodeni pang'ono ndi pensulo: ikalira ngati belu m'sipika, yatha. Siifuna kuchuna bias. Zimitsani, dikirani izizire, izuleni moigwedeza pang'ono, ikani ina molondoleza mpata wa miyendo.

Posintha makapasita, µF ikhale yomweyo, ma volts akhale omwewo kapena okwera, sankhani a 105°C, ndipo mzere wa minus uyang'ane komwe unayang'ana wakale. Fyuzi ikhale ya nambala yomweyo ndi chilembo chomwecho, T kapena F. Yatsopano ikapsa nthawi yomweyo, muli shoti mu rectifier kapena m'ma transistor a power amp, ndipo kukulunga waya kapena pepala lonyezimira m'malo mwa fyuzi kumangopititsa motowo ku thiransifoma.

Mukakonza, musathamangire kutseka n'kunyamula. Lumikizani sipika, lizani nyimbo yokhala ndi besi yolemera kwa ola lathunthu pa voliyumu yomwe mumayimbira, muzigogoda bokosi ndi kugwedeza zingwe nthawi ndi nthawi. Ngati mwaganiza zopita nayo kwa mmisiri, tengani besi, zingwe zonse ziwiri ndi kabineti yomwe, ndipo mukamuuze zomwe mwapeza: ngati vuto limabwera itazizira kapena itatentha, ngati MASTER imalisintha, komanso chomwe chinachitika mutalumikiza SEND ndi RETURN.